Kuyenda m'mapiri ozungulira damu tikudalira basi: tidzere m'mphepete mwa madzi kapena pamsana pa phiri?

Nsapato_Zatsopano
Abale anga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ine ndi anzanga awiri tikufuna tikayende m'mapiri ozungulira damu lalikulu losungira madzi akumwa. Galimoto tilibe, tikudalira basi. Yoyamba imafika pasiteji ya pafupi ndi khoma la damu cha m'ma 9 koloko m'mawa, yomaliza yobwerera imanyamuka 5:40 madzulo. Pamapu njira zikuoneka ziwiri. Ina ikutsata m'mphepete mwa madzi kuzungulira damu lonse n'kubwerera pomwe tayambira. Inayo ikukwera pamsana pa phiri n'kukatsikira tsidya lina, komwenso kuli siteji. Mnzanga wina waumirira kuti tingozungulira, ati ndi pathyathyathya komanso tsidya linalo likuoneka pafupi. Inu amene munayendapo maulendo otere, mungatiuze yiti?

Gwape_Wothamanga
Zungulirani. Kuyambira 9 mpaka cha m'ma 5 ndi maola 8 athunthu, mukuopa chiyani?

Kamba_Safulumira
A Gwape, musawapusitse anzathu. Mwawafunsa kuti njirayo ndi yotalika bwanji?

A Nsapato, mawu a mnzanuwo akuti tsidya linalo likuoneka pafupi ndi amene amagonetsa anthu pasiteji. Damu la m'mapiri si dziwe lobulungira ayi. Ndi chigwa chomwe anachitseka ndi khoma, ndiye madzi analowerera m'makwawa onse amene ankathira mumtsinje wakalewo. Mukaliona kuchokera pamwamba limakhala ngati dzanja lotambasula zala, ndipo njira ya m'mphepete imayenera kulowa ndi kutuluka pachala chilichonse. Mumaona mtengo uli apo, woti mutakuwa munthu wokhala patsinde pake angakumveni, koma kuti mukaufike mumayenda mphindi 40 kulowa m'khwawa n'kutulukamo. Tatiuzani manambala: njira iliyonse ndi makilomita angati, ndipo ya pamsanayo ikukwera mamita angati?

Nsapato_Zatsopano
Ndayeza bwinobwino tsopano. Yozungulira ndi makilomita 27. Ya pamsana ndi makilomita 15, kukwera konse pamodzi mamita 600. Sindinkaganiza kuti zingasiyane chonchi.

Kamba_Safulumira
Eya, tsopano tingakambe. Pali kawerengedwe kakale komwe anthu oyenda m'mapiri amagwiritsabe ntchito, kanachokera kwa William Naismith wa ku Scotland mu 1892. Mumawerenga ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako n'kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse amene mukukwera. Ndiye ya pamsana: makilomita 15 ndi maola 3, kuphatikiza ola la chikweza, maola 4. Yozungulira ndi maola 5 ndi theka, ndiye kuti tikungoganiza kuti ndi pathyathyathya penipeni, zomwe sizichitika, chifukwa njira za m'mphepete zimakwera ndi kutsika pakhwawa lililonse.

Koma dziwani kuti mkuluyu anali katswiri wokwera mapiri, ndipo m'kawerengedwe kakemo mulibe kupuma, mulibe kudya, mulibe kujambulana, mulibe kusochera. Kwa anthu oyamba kumene ine ndimawonjezera theka la nthawi yonseyo. Ya pamsana ikhala maola 6, mukatsikira cha m'ma 3 koloko. Yozungulira ipitirira maola 8, ndiye kuti mukafika pasiteji basi ikuliza kale injini, ngati mungaipeze n'komwe. Komanso gulu limayenda pa liwiro la munthu wochedwetsetsa, osati la amene ali patsogolo akukuwa kuti fulumirani.

Gwape_Wothamanga
Makilomita 27 ine ndimamaliza dzuwa lisanapendeke.

MayiWaAtatu
Inuyo a Gwape mumamaliza, nanga akufunsawa ndi inu? Dzina lawo lomwe likunena kuti nsapato n'zatsopano kkkk. Mwanawe, nsapatozo uyambe wazivala masiku angapo poyenda maulendo afupiafupi, zifewe. Matuza akakutuluka pakati pa ulendo, masamu onse a a Kamba aja athera pomwepo.

Nsapato_Zatsopano
Kkkk mwandigwira amayi. Ndiyamba kuzivala mawa lomwe.

Mlonda_wa_Nthawi
Ine ndikuwonjezera chimodzi chokha koma ndi chachikulu. Ulendo wa basi umakonzedwa chobwerera m'mbuyo. Mumayamba ndi nthawi ya basi yobwerera, n'kumachotsera maola mpaka mupeze nthawi yoyambira. Ndipo basi yoti muziiwerengera si yomaliza ayi, ndi yotsatizana nayo ya m'mbuyo. Yomalizayo muisunge ngati chopulumukira zinthu zikavuta.

Muonetsetsenso ndandanda yomwe mwawerengayo ndi ya tsiku liti. Mabasi opita kumalo otere nthawi zambiri amasintha Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Ena amachepa, ena amayenda kumapeto a sabata okha, ena amayenda miyezi yotentha yokha. Ku Switzerland kuli damu la Grande Dixence, khoma lake ndi lotalika mamita 285, linatha kumangidwa mu 1961. Basi yochokera ku Sion imakafika kumunsi kwa khomalo, koma ndi m'nyengo yotentha yokha, chipale chikayamba msewu umatsekedwa. Ngati zili choncho m'dziko lomwe mabasi ake amatchuka posunga nthawi, kulikonse muyenera kufunsa kaye. Ndipo siteji ya tsidya linayo, kodi imadutsa basi yomweyo kapena ina? Nthawi ya 5:40 mwatchulayo ndi ya siteji ya pakhoma.

Nsapato_Zatsopano
Funso labwino. Ndaona kuti ndi basi ina, yomaliza yake ndi 6:15, ya m'mbuyo mwake 4:15.

Chiwongolero
Mavuto onsewa chifukwa chokana kubwereka galimoto? Mukanyamuka nthawi yomwe mukufuna, mukabwerera nthawi yomwe mukufuna, zovala zosinthira zili m'buti. Ine za kuyenda m'phiri maso ali pawotchi zimandichotsera chisangalalo chonse.

Kamba_Safulumira
Pamenepo ndiye sindikuvomerezani a Chiwongolero. Galimoto imakumangirirani pamalo amodzi. Komwe mwaisiya ndi komwe muyenera kubwerera, ndiye mwina muzungulire, mwina mubwerere njira yomwe munadzera. Wa basi amatsika pasiteji iyi, kudutsa phiri lonse, n'kukakwerera kwina. Njira zokoma kwambiri kuzungulira madamu ndi zotere, zoyambira kwina kuthera kwina. Kuwonjezera apo, pamalo oimika galimoto a pafupi ndi madamu otchuka pamadzaza m'mawa kwambiri masiku a tchuthi. Ndipo mukatsika phiri miyendo ili njenjenje, kuli bwino wina akuyendetseni inu mukuwodzera.

Chiwongolero
Mpaka tsiku lomwe basiyo sidzabwera.

MayiWaAtatu
Zimachitikadi, tisaname. Ife tinadikirapo pasiteji ina ya m'mbali mwa damu, mvula ikuwaza, ana atatopa, basi yolembedwa pachikwangwani osaoneka. Titaimba foni ku kampani yake anangoti dalaivala sanabwere kuntchito, tidikire yotsatira. Mwayi wake sinali yomaliza, ndiye zomwe akunena a Mlonda zija n'zoona. Chomwe chinatizunza si kudikirako koma kuzizira. Poyenda thupi limatentha, malaya amanyowa ndi thukuta, ukangoima mphepo yochokera pamadzi imakulowa mpaka m'mafupa. Muike malaya ouma ndi jekete m'pepala la pulasitiki pansi pachikwama, muzivale mukangofika pasiteji musanayambe kunjenjemera.

Mlendo_Kutali
Ndikupatseni chitsanzo choti muone kuti pothera njira pamapu si pomwe pali basi nthawi zonse. Ku Hong Kong kuli njira yotchuka ya MacLehose Trail, yotalika makilomita 100, anaitsegula mu 1979 ndipo anaigawa m'zigawo 10. Chigawo choyamba chimayambira pa Pak Tam Chung, pomwe basi nambala 94 yochokera ku Sai Kung imadutsa. Chimatsata damu la High Island, lomwe linamalizidwa mu 1978, mtunda woposa pang'ono makilomita 10. Njira yake yambiri ndi msewu wosalala, ndipo kukhoma la kum'mawa kuli miyala yodabwitsa yoimirira ngati zipilala, ya mbali 6, yomwe inapangika phiri litaphulika zaka pafupifupi 140 miliyoni zapitazo. Koma chigawocho chimathera ku Long Ke, kugombe la nyanja komwe kulibe msewu wa basi. Ukafika kumeneko uyenera kubwerera kukhoma kuja, apo ayi upitirire chigawo chachiwiri chomwe ndi chokwera kwambiri. Munthu wongowerenga kuti makilomita 10 osavuta akhoza kudabwa.

Chinanso chomwe ndinaona kumeneko: msewu wa m'mbali mwa damu mthunzi ndi wochepa, ndipo kuyenda pakonkire nthawi yaitali kumapweteka mapazi kuposa kuyenda padothi. Ndiye mnzanu wokonda pathyathyathyayo mumuuze zimenezi.

Gwape_Wothamanga
Kukatentha ndiye ubwino wa damu umenewo. Kuvula n'kudumphiramo, kutuluka uli watsopano.

Injiniya_Wopuma
A Gwape, apa pokha ndikupemphani musachite nthabwala, pali achinyamata akuwerenga. Ndinagwira ntchito pa madamu zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndifotokoze mwachifatse.

Choyamba ndi kuzizira. Dzuwa limatenthetsa madzi a pamwamba okha, pang'ono pansi pake amakhala ozizira kwambiri, makamaka damu likakhala lakuya komanso m'mapiri. Madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 15, munthu wolowamo mwadzidzidzi thupi lili lotentha amakoka mpweya mosafuna. Ngati mutu uli m'madzi panthawiyo, wakoka madzi. Kenako amapuma mothamanga osatha kudziletsa kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, ndipo pakapita mphindi zingapo manja ndi miyendo zimayamba kufooka. Zimenezi sizisankha kuti uyu amadziwa kusambira. Ambiri omira m'madamu amakhala anyamata amphamvu, tsiku la dzuwa, pafupi ndi mtunda.

Chachiwiri ndi mmene pansi pake palili. Kumbukirani kuti chinali chigwa. Mumaponda madzi a m'mawondo, phazi lotsatira mulibe poponda. Pansi pali zitsa, mipanda yakale, miyala. M'mbali mwa khoma ndi motsetsereka ndiponso moterera ndi ndere, wogweramo sapeza pogwira.

Chachitatu ndi makina. Pali malo omwe madzi amakokedwa kulowa m'mapaipi kupita koyeretsera kapena kopangira magetsi. Pamwamba madzi amaoneka ali phee, pansi akuyenda. Wa mu ofesi akatsegula sayang'ana kaye ngati wina akusambira, poti sipayenera kukhala munthu.

Mukagweramo mwangozi, musalimbane ndi madzi. Gonani chagada, tambasulani manja ndi miyendo, dikirani kupuma kukhazikike, kenako muziitana anthu kapena kusambira. Mnzanu akagweramo musamutsatire. Mponyereni chinthu choyandama kapena mumupatsire ndodo inu mutagona pansi.

Gwape_Wothamanga
Chabwino bambo, ndamva. Koma kuviika mapazi okha ndi mlandu?

Injiniya_Wopuma
Pa madamu ambiri a madzi akumwa n'zoletsedwa, zikwangwani zimanena. Ndipo kumadera otentha madzi odikha a m'mphepete ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowera pakhungu, sikuti mpaka mumwe madziwo.

Ndiwonjezere za kumunsi kwa khoma, poti njira zambiri zimadutsa kumeneko. Mtsinje wa kumunsi ukhoza kuoneka wouma, miyala ili poyera, koma akatsegula zitseko madzi amakwera m'mphindi zochepa kunja kulibe ndi mtambo womwe. Mukamva sailini, chokani m'khwawa mukwere kumtunda, osayamba mwatolera katundu. Muwoloke pamlatho ngakhale ukhale wozungulira.

Dokotala_wa_Mapazi
Madzi akumwanso munyamule okwanira. Anthu amanyengeka poona madzi ochuluka chonchija n'kunyamula kabotolo kamodzi. A m'damu sanayeretsedwe, ndipo pamsana pa phiri simupeza kasupe.

Mlendo_Kutali
Zitsa ndi mipanda zomwe atchula a Injiniya zandikumbutsa Ladybower ku England, m'dera la Peak District. Nakonso basi yochokera ku Sheffield imakusiya m'mbali mwa madzi penipeni, n'kuyamba kukwera. Damulo analimanga kuyambira 1935 mpaka 1943, ndipo podzaza linamiza midzi iwiri, Derwent ndi Ashopton. Nsanja ya tchalitchi cha ku Derwent anaisiya ili chiimire, inkaonekera pamwamba pa madzi, mpaka anaigwetsa mu 1947. Mu 2018 madzi anatsika kwambiri, zotsalira za nyumba zinaonekera, anthu anakhamukirako, ndipo wina anatitimira m'matope mpaka anachita kukamuzula a gulu lopulumutsa anthu m'mapiri. Ndiye damu likaphwa musadule njira podutsa pamatope ooneka ouma aja. Pamwamba pokha ndi pouma.

Pafupi ndi khoma lake pali maenje awiri akuluakulu obulungira otayira madzi damu likasefukira, lililonse mamita pafupifupi 24 m'mimba mwake. Ukawaona akumeza madzi, za kusambira umaziiwala wekha.

Mwana_wa_Mbiri
Nkhani ya midzi yomizidwayi imandikhudza. Timapita kukajambula madzi okongola osadziwa kuti pansi pali manda a makolo a anthu ena. Pomanga damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, lomwe khoma lake linatha mu 1959, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, kuchoka m'minda yachonde ya m'mbali mwa madzi kupita kumtunda kouma. Dziko linamva zambiri za nyama pafupifupi 6,000 zomwe anazipulumutsa m'madzi pa ntchito yotchedwa Operation Noah kuposa za anthuwo. Ku China, damu la Three Gorges linasamutsa anthu oposa 1 miliyoni.

Chiwongolero
Ndiye tisamamange madamu? Foni mukulembera apayi mwaitchaja ndi chiyani?

Mwana_wa_Mbiri
Sindinati asamange. Ndati amene amalipira mtengo waukulu kawirikawiri si amene amayatsa getsi kapena kutsegula mpopi. Zinthu ziwirizi n'zosiyana achimwene.

Injiniya_Wopuma
Nonse mukunena zoona. Ndinganene kuti ngakhale mapiri omwe mukufuna kukayendamowo, nthawi zambiri nkhalango yake inatsala chifukwa cha damulo. Eni madzi amateteza mitengo ya kumtunda kuti dothi lisakokolokere m'damu n'kulikwirira. N'chifukwa chake kuzungulira madamu kumapezeka njira zabwino, ndiponso n'chifukwa chake amaletsa kusonkha moto ndi kupatuka panjira. Msewu womwe basi yanu ikudzera, mwinanso unalambulidwa ndi omanga khomalo.

MayiWaAtatu
Abale, mwana wafunsa njira, ife tafika ku China kkkk. Tabwererani.

Kamba_Safulumira
Tabwerera amayi. A Nsapato, ine ndikuti tengani ya pamsana, koma mudziwe kuti ili ndi zovuta zake zomwe ya m'mphepete ilibe. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndiye pa mamita 600 anuwo ndi madigiri 4, osawerengera mphepo yomwe pamsana imawomba popanda chotchinga. Chifunga chimabwera mwadzidzidzi. Ku Table Mountain ku Cape Town, wokwera kudzera ku Skeleton Gorge kuchokera kumunda wa zomera wa Kirstenbosch amakwera makwerero m'khwawa n'kukatulukira pafupi ndi damu la Hely-Hutchinson la mu 1904, pamchenga woyera pamwamba pa phiri. Malo okongola zedi, koma mtambo ukaphimba suona ngakhale mnzako ali patsogolo, ndipo kangolo ya pachingwe yomwe ena amadalira potsika amaiimitsa mphepo ikakula. Phunziro lake kwa inu: mupeze pamapu malo amodzi kapena awiri pomwe mungatsikire msanga kubwerera kumsewu, ndipo mugwirizane muli kunyumba kuti ikakwana nthawi yakuti tisanafike pakuti, tikubwerera. Mukakambirana zimenezi muli pamwamba mutatopa, mudzakangana.

Mlonda_wa_Nthawi
Za mphezi musaiwale, pamsana ndi poipa. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, tsikani pamsana, musabisale pansi pa mtengo woima paokha, ndipo mutalikirane ndi madzi komanso zitsulo za pakhoma la damu. Mudikire mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Gwape_Wothamanga
Mapu a pafoni ndi okwanira, za mapepala n'zachikale.

Dokotala_wa_Mapazi
Ndi okwanira batire ikakhala ndi moto. M'zigwa netiweki imasowa, foni imalimbana ndi kuisaka, batire n'kumatha msanga, kuzizira n'kuwonjezera. Koperani mapuwo mufoni musananyamuke, muzimitse netiweki poyenda, GPS imagwirabe ntchito popanda iyo. Muli atatu, ndiye foni imodzi ikhale yozimitsa m'chikwama. Ndandanda ya mabasi muijambule kapena muilembe papepala, makamaka ngati tikiti yanu ili mufoni momwemo.

Tochi munyamule ngakhale mukuti mubwerako masana, pamodzi ndi wezulo. Chizindikiro chopempha thandizo m'mapiri ndi kuliza kasanu n'kamodzi pamphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, n'kubwerezanso. Wakumvani amayankha katatu. Wina wotsala kunyumba adziwe njira yomwe mwadzera ndi basi yomwe mukuyembekezera kukwera.

Potsika ndi pomwe anthu ambiri amavulala, osati pokwera. Mawondo atopa, maso ali kusiteji yomwe ikuoneka kumunsi, munthu n'kuyamba kuthamanga pamiyala yogubuduzika. Mumange zingwe za nsapato mwamphamvu musanayambe kutsika kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndipo zikhadabo muwenge dzulo lake.

Nsapato_Zatsopano
Zikomo kwambiri nonse. Ndawatumizira anzanga zonsezi. Wokonda pathyathyathya uja atamva za makilomita 27 wangoti zii. Tagwirizana ya pamsana, tikuwerengera basi ya 4:15. Funso lina laling'ono: kuli bwino kuyambira kukhoma kukathera tsidya lija, kapena kuyambira tsidya lija kudzathera kukhoma?

Mlonda_wa_Nthawi
Muthere komwe mabasi amadutsa pafupipafupi. Kosowa mabasi mupiteko m'mawa, nthawi ikadali m'manja mwanu.

Kamba_Safulumira
Zoona, koma muonenso mbali yomwe ili yotsetsereka kwambiri. Pamapu ndi pomwe mizere yosonyeza kukwera yathithikana. Mbali imeneyo ndi bwino kuikwera m'mawa miyendo ili ndi mphamvu kusiyana ndi kuitsika madzulo. Ziwirizi zikatsutsana, ine ndimamvera mabasi.

Chiwongolero
Basi ikakusiyani musadzati sindinanene.

MayiWaAtatu
A Chiwongolero, mukawatenge ndinu ndi galimoto yanuyo kkkk. Mwanawe, m'mawa pokwera umufunse dalaivala kuti yobwerera imaima mbali iti ya msewu, chifukwa masiteji ena a kutchire chikwangwani chili mbali imodzi yokha. Ndipo ukaiona ikubwera uimike dzanja msanga, kukada uyatse tochi. Kumalo otere dalaivala akapanda kuona munthu amangodutsa.